Mmene mungakonzere kasewedwe ka slam yovuta pa bridge musanagwire khadi la dummy

Pa bridge, masewera a makhadi a anthu anayi osewera awiriawiri, slam yaing'ono imafuna kuti mutenge ma trick 12 mwa 13 (trick ndi makhadi anayi, limodzi kuchokera kwa wosewera aliyense), ndipo slam yaikulu imafuna onse 13. Pa kontrakiti (lonjezo la ma trick amene mudzatenge) ya 4♠ mukhoza kulakwitsa kamodzi n'kupezabe pothawira, koma pa 6♠ mpata wotero supezeka kawirikawiri. Chimene chimagwetsa osewera ambiri, ngakhale amene asewera kwa zaka zambiri, ndi chakuti amayamba kuganiza mozama pa trick ya 7 kapena ya 8, pamene njira zolowera kwa dummy (mnzanu amene makhadi ake amayalidwa patebulo) zatha kale ndipo chimene chatsala ndi finesse imodzi yokha (kuyesa kupambana trick ndi khadi locheperapo, poyembekeza kuti lalikulu losowalo lili kwa mdani amene waponya kale). Malangizo awa ndi a declarer (wosewera kontrakitiyo) amene mnzake wangoyala makhadi patebulo, khadi loyamba la wotchinga (mmodzi mwa adani awiriwo) laponyedwa, ndipo anthu atatu akudikira.

M'zitsanzo zonse inu mwakhala Kummwera, dummy ali Kumpoto, ndipo woyamba kuponya ndi wa Kumadzulo, amene ali kumanzere kwanu. Ndikanena kuti "kudula" ndikutanthauza kuponya trump (khadi la mtundu umene umapambana mitundu ina yonse) pamene mtundu umene waponyedwa mulibe. Ndikanena kuti "khomo" ndikutanthauza khadi limene limakulolani kupambana trick m'dzanja limene mukufuna kuyambirako trick yotsatira.

## Zofunika kukhala nazo

- Paketi ya makhadi 52. Manja atatu amene ali m'munsimu muwayale patebulo n'kuwasewera khadi ndi khadi, chifukwa kungowerenga sikuonetsa bwino pamene khomo likutsekeka.
- Pepala ndi cholembera, pa nthawi yoyeserera yokha. Malamulo a duplicate, mpikisano umene manja omwewo amaseweredwa pa matebulo angapo, salola kuti muyang'ane zolemba zokuthandizani kukumbukira kapena kuwerengera masewera ali mkati.
- Manambala ochepa a mmene makhadi osowa amagawikira pakati pa otchinga awiri, amene muyenera kuwaloweza pamtima. Akasowa 4: 3-1 pafupifupi 50 peresenti, 2-2 pafupifupi 40, 4-0 pafupifupi 10. Akasowa 5: 3-2 ndi 68 peresenti, 4-1 ndi 28, 5-0 ndi 4. Akasowa 6: 4-2 ndi 48 peresenti, 3-3 ndi 36, 5-1 ndi 15. Finesse imodzi, pamene palibe china chimene mukudziwa, ndi 50 peresenti.
- Kudziwa mmene mapointi akuwerengedwera tsiku limenelo, kaya ndi ma IMP (poona kukula kwa kusiyana kwa mapointi pakati pa matebulo) kapena ndi matchpoints (poona kuti mwaposa matebulo angati).
- Mgwirizano wa otchinga pa khadi loyamba, umene muli ndi ufulu wofunsa kapena kuwerenga pa khadi lawo la mgwirizano.

## Gawo 1: Musagwire khadi la dummy

Dummy akangoyala makhadi, ikani manja pansi ndipo mudzipatse mphindi imodzi kapena ziwiri. Palibe wosewera wodziwa bridge amene angakudzudzuleni chifukwa choganiza pa trick yoyamba ya slam, ndipo wotchinga wa Kum'mawa nayenso amafuna nthawi imeneyo. Chitani zimenezi ngakhale pamene dummy ali ndi khadi limodzi lokha la mtundu umene waponyedwa, chifukwa mukangoliponya, wa Kum'mawa amatsatira msanga, ndipo mumapezeka mwapambana trick m'dzanja lanu musanasankhe ngati ndi kumene munafuna kupambanira.

Chenjezo: funso lakuti trick yoyamba muipambanire kuti, m'dzanja lanu kapena kwa dummy, muliyankhe pomaliza, mutadutsa magawo onse otsatirawa m'mutu.

## Gawo 2: Bwerezani bidding ndi khadi loyamba

Dzifunseni zimene otchinga anena ndi zimene sananene pa bidding, nthawi yopikisana potchula kontrakiti. Amene anatsegula ndi 3♦ ali ndi makhadi pafupifupi 7 a mtundu umenewo, choncho ma trump ambiri ndi ma Q amene mukuwafunafuna nthawi zambiri amakhala kwa mnzake. Amene anali ndi mwayi wotsegula bidding n'kudutsitsa alibe mapointi 12 a makhadi akuluakulu, ndipo mukamuona ndi K-Q wa mtundu wina ndi A wa mtundu wina, K amene mukumufunafuna ali mbali inayo.

Khadi loyamba nalonso limayankhula. Q nthawi zambiri amalonjeza J, ndipo K amalonjeza Q kapena A malinga ndi mgwirizano wawo. Khadi laling'ono la mtundu umene inu kapena dummy munatchula kuti ndi wautali, muliope kuti ndi lokhalokha ndipo woliponyayo akufuna kudzadula. Ngati wa Kum'mawa ananena double (mawu okweza mphoto ndi chilango cha kontrakiti) pa slam imene mwafikapo mwa kufuna kwanu, kumbukirani kuti ambiri amasewera double ya Lightner, imene imapempha mnzake kuti ayambe ndi mtundu wosayembekezeka, kawirikawiri mtundu woyamba umene dummy anatchula, chifukwa iye alibe khadi la mtundu umenewo.

## Gawo 3: Werengani opambana, kenako oluza

Nali dzanja loyamba. Kontrakiti ndi 6♥, ndipo wa Kumadzulo wayamba ndi ♣Q.

Dummy: ♠ 7 4, ♥ K J 9, ♦ A 8 6 5 2, ♣ K 7 3
Inu: ♠ A Q, ♥ A Q 10 7 4 3, ♦ K 4, ♣ A 6 2

Yambani ndi ma trick amene mungatenge popanda kupereka mpata kwa otchinga: ♠ imodzi, ♥ 6, ♦ ziwiri, ♣ ziwiri. Onse pamodzi ndi 11. Kenako werengani makhadi oluza kuchokera m'dzanja limene lili ndi ma trump ambiri: ♠Q akhoza kuluza kwa K, ndipo ♣ yachitatu idzaluza ndithu ngati simuitaya penapake. Oluza ndi awiri, pamene kontrakiti imakulolani mmodzi.

Anthu ambiri anaphunzitsidwa kuti pa kontrakiti ya trump amawerenga oluza ndipo pa no trump (NT, yopanda trump) amawerenga opambana. Pa slam ine ndimalangiza kuwerenga zonse ziwiri nthawi iliyonse, chifukwa pali manja amene amaoneka kuti ali ndi woluza mmodzi yekha koma opambana ake safika 12, makamaka pamene mukudalira kudula kwa dummy ndipo ma trump ake sangakwanire ntchito yodula ndi yokoka ma trump a otchinga.

Chenjezo: kudula m'dzanja limene lili ndi ma trump ambiri sikuwonjezera trick, chifukwa ma trump amenewo munawawerenga kale. Pa dzanja ili, kudula ♦ ndi ♥ yanu kuli ndi phindu limodzi lokha, lomwe ndi kuyeretsa mtunduwo kuti ♦ yomaliza ya dummy ikhale yopambana.

## Gawo 4: Pezani njira zonse za trick yosowa, ndipo muziike mu ndondomeko

Maso amathamangira ku ♠ A Q, chifukwa finesse ndiyo imaoneka msanga. Musaime pamenepo. Yang'anani mtundu uliwonse n'kufunsa ngati ungapereke trick ya 12. Pa dzanja ili njira zilipo ziwiri: finesse ya ♠Q, imene ndi 50 peresenti, ndi ♦ yachisanu ya dummy, imene imakhala yopambana ngati makhadi 6 osowa agawika 3-3 kapena 4-2, zomwe pamodzi ndi 84 peresenti.

Funso lenileni si lakuti njira yabwino ndi iti, koma lakuti ndi iti imene ikalephera imakusiyirani mwayi woyesa inayo. Mukayamba ndi ♦ n'kupeza kuti agawika 5-1, nthawi zambiri mumakhala simunaluze trick iliyonse, ndipo finesse ya ♠ ikadalipo. Mukayamba ndi finesse n'kuluza, wa Kumadzulo abwereza ♣ ndipo ♣K wa dummy, amene ndi khomo lofunika kwambiri, achoka nthawi isanakwane. Njira ziwirizi zikatsatana bwino, mwayi wanu umafika pafupifupi 90 peresenti.

Kawerengedwe kake n'kosavuta ndipo mukhoza kukachita patebulo. Tengani mwayi wa njira yoyamba, kenako pa gawo limene latsala mutengepo mwayi wa njira yachiwiri. Pano ndi 84, kuwonjezerapo theka la 16. Simufunika nambala yeniyeni, mukungofuna kudziwa kuti ndondomeko iyi ikuposa inayo kutali.

Chenjezo: finesse imene ikaluza ikugwetsani nthawi yomweyo muiike kumapeto kwa ndondomeko. Muichite msanga pokhapokha ngati makomo sadzakulolani kuichita mtsogolo.

## Gawo 5: Werengani makomo musanakoke ma trump

Pano ndi pamene dzanja loyambali limagwera anthu ambiri, choncho tiliyende pang'onopang'ono. Konzekerani kuti ♦ agawika 4-2, popeza ndiko kugawika kochitika kwambiri. Mudzatenga ♦K, kenako ♦A, n'kudula ♦ yachitatu. Mudzafunika khomo lobwererera kwa dummy kuti mudule yachinayi, ndiponso khomo lina kuti mukatenge yachisanu. Ndiye kuti pambali pa ♦A mukufunika makomo awiri. Kunja kwa ma trump muli ndi limodzi lokha, ♣K. Lachiwiri liyenera kuchokera mu ♥, ndipo zimenezi zikutanthauza kuti simungakoke ma trump onse poyamba.

Tsopano yankho la Gawo 1 lapezeka: trick yoyamba muipambane m'dzanja lanu ndi ♣A, kuti ♣K atsale. Zotsatira zake zikhale motere:

1. Tengani ♥A, dummy aponye 9.
2. Ponyani ♥3 kupita kwa J wa dummy. Ngati ma trump agawika 2-2, atha. Ngati agawika 3-1, yatsala imodzi kunja, ndipo muisiye dala.
3. Ponyani ♦2 kupita kwa K wanu, kenako ♦4 kubwerera kwa A.
4. Dulani ♦ yachitatu ndi ♥Q kapena ♥10. Musadule ndi 4 kapena 7, chifukwa ♥8 ikhoza kukhala ikadali kwa otchinga ndipo wa Kumadzulo akhoza kudula pamwamba panu.
5. Ponyani ♥4 kupita kwa K wa dummy. Khadi limodzili lachita ntchito ziwiri, lakoka trump yomaliza ndiponso lakulowetsani kwa dummy.
6. Dulani ♦ yachinayi, lowani ndi ♣K, ndipo pa ♦8 mutayepo ♣6.

Mwatsala ndi ♠ A Q ndi trump imodzi, ndipo muli kwa dummy. Tsopano finesse ya ♠Q mukhoza kuichita mtima uli m'malo, chifukwa ikaluza mwapanga 12, ikapambana mwapanga 13.

Onani mmene zikanathera kwa munthu wokoka ma trump katatu n'kuthamangira finesse. Wa Kumadzulo apambana ndi ♠K, abwereza ♣, ndipo dummy watsala ndi khomo limodzi lokha la ♦A. Ngakhale ♦ atagawika 3-3, makhadi awiri opambana amatsalira patebulo popanda njira yowafikira. Ineyo ndinagwapo motere pa dzanja lofanana ndi ili, ndipo chimene chinandipweteka kwambiri chinali kuona pomaliza kuti ♦ anagawika bwino lomwe.

Pali ngozi imodzi imene ndondomekoyi siingaichotse yonse: ngati wotchinga amene ali ndi trump yachitatu ali ndi ♦ imodzi yokha, adzadula ♦ yachiwiri. N'chifukwa chake tinakoka ma trump kawiri tisanagwire ♦, osati kamodzi, kuti ngoziyo ichepe mpaka pamene makomo akulolera.

## Gawo 6: Funsani chimene chingalakwike mu ma trump

Dzanja likamaoneka lophweka, ganizirani kugawika koipa. Ngati muli ndi A Q 10 6 3 moyang'anana ndi K 9 5 2, osowa ndi J ndi ang'onoang'ono atatu, ndipo vuto likhoza kubwera pokhapokha onse anayi ali kwa munthu mmodzi. Yambani ndi A, kuchokera m'dzanja limene lili ndi akuluakulu awiri. Aliyense amene alephere kutsatira, mudzakhala mukadali ndi K 9 mbali imodzi ndi Q 10 mbali inayo, choncho J mungamugwire kulikonse kumene ali. Mukayamba ndi K, mwataya theka la chitetezo chimenechi popanda chifukwa.

Zimasintha ngati osowa ndi J ndi 10 pamodzi. Dummy akakhala ndi A K 8 5 3 ndipo inu Q 9 4 2, J 10 ndi ang'onoang'ono awiri mungawagwire pokhapokha ali kwa wa Kumadzulo, patsogolo pa A K 8. Pamenepa yambani ndi Q, kuti akuluakulu awiri atsale pamwamba pa J ndi 10.

Mapointi ndi amene amakuuzani kuchuluka kwa chitetezo chimene muyenera kugula. Pa duplicate, 6♠ kapena 6♥ yopangidwa imapereka 980, ndipo mukakhala vulnerable (pamene mphoto ndi chilango zimakhala zazikulu) imapereka 1430. Pa ma IMP, trick yowonjezera ya mapointi 30 ndi IMP imodzi yokha, pamene kugwa pa slam ya vulnerable imene tebulo linalo lapanga kumakutayitsani ma IMP 17. Choncho pa ma IMP perekani trick yowonjezera mosanyinyirika ngati kutero kukuteteza kontrakiti. Pa matchpoints nkhani imavuta pang'ono, komabe ngati mukuona kuti matebulo ambiri sadzafika pa slam imeneyi, kungoipanga kukupatsani kale mapointi abwino.

## Gawo 7: Onani ngati otchinga angakuseweretseni mtundu wovutawo

Dzanja lachiwiri ndi 6♠, ndipo khadi loyamba ndi ♥Q.

Dummy: ♠ K Q 9 4, ♥ A 6 3, ♦ K 10 5, ♣ A 7 2
Inu: ♠ A J 10 8 5, ♥ K 7 4, ♦ A J 6, ♣ K 4

Opambana ndi 11: ♠ 5, ndi awiriawiri m'mitundu itatu inayo. ♥ yachitatu idzaluza, ndipo ♦Q mukhoza kumufunafuna mbali iliyonse. Wosewera wosakonzekera amakoka ma trump, n'kuyang'ana nkhope za otchinga, n'kulota kumene Q ali. Koma pa dzanja ili simufunika kulota ayi, malinga ngati ma trump sanagawike 4-0.

Zizindikiro zakuti endplay (kupatsa wotchinga trick kuti akakamizike kukuyambirani mtundu wovutawo) ndi yotheka ndi zitatu, ndipo zonse zili pano: muli ndi ma trump okwanira kuti mukakoka a otchinga itsale imodzi m'dzanja lililonse, muli ndi mtundu umene aliyense wouyamba amaluzapo, ndiponso muli ndi trick imene mudzaluza mulimonsemo. Ntchito yanu ndi kuluza trick imeneyo pa nthawi imene wopambanayo alibe khadi labwino lotulukira.

1. Pambanani ndi ♥K ndipo mukoke ma trump, kawiri kapena katatu.
2. Tengani ♣K ndi ♣A, kenako mudule ♣ yachitatu m'dzanja lanu. Tsopano ♣ mulibe mbali zonse ziwiri.
3. Tengani ♥A, kenako muponye ♥ yachitatu ndi kuilola kuti ipite.

Ngati munakoka katatu, dummy watsala ndi trump imodzi ndi ♦ K 10 5, inu trump imodzi ndi ♦ A J 6. Amene wapambana ♥ ija akayamba ♦, ponyani yaing'ono kuchokera m'dzanja lachiwiri, ndipo ma trick atatu a ♦ ndi anu kaya Q ali kuti. Akaponya ♥ kapena ♣, dulani kwa dummy ndi kutaya ♦6 m'dzanja lanu, ndipo woluza wa ♦ wachoka.

Chenjezo: anthu amaiwala kudula ♣ yachitatu chifukwa sikuwonjezera trick. Mukaisiya, wopambana ♥ amatulukira pa ♣ popanda vuto, ndipo mumabwerera ku kulota. Ena amalakwitsa posiya ♥Q kuti ipambane pa trick yoyamba, osadziwa kuti apereka msanga khadi lomwe likanawagwirira ntchito kumapeto. Musakokenso trump yachinayi mwachizolowezi, chifukwa dummy akatha ma trump, wotchinga amaponya ♥ kapena ♣ mosaopa.

## Gawo 8: Ngati mwatsala ndi trick imodzi yosowa, konzekerani kufinya

Osewera ambiri amaopa squeeze, kumene ndi kufinya wotchinga mpaka ataye khadi limene amatchingira, poganiza kuti ndi ya akatswiri okha. Yosavuta yake imangofuna zinthu ziwiri: kupereka msanga trick imene mudzaluzabe, ndi kutenga opambana anu mu ndondomeko yoyenera. Dzanja lachitatu ndi 6NT, khadi loyamba ♦K.

Dummy: ♠ A Q 7 2, ♥ K 6 4, ♦ A 8 3, ♣ Q J 5
Inu: ♠ K 8 4, ♥ A Q 5 3, ♦ 7 2, ♣ A K 9 6

Opambana ndi 11: ♠ 3, ♥ 3, ♦ imodzi, ♣ 4. Trick ya 12 ibwera ngati ♠ kapena ♥ agawika 3-3, ndipo mwayi woti umodzi mwa mitundu iwiriyi utero ukungopitirira theka pang'ono. Mwayi wachitatu ulipo ngati wotchinga mmodzi ndiye ali ndi makhadi anayi kapena kuposerapo m'mitundu yonse iwiri, koma kuti muupeze muyenera kulola ♦K kupambana trick yoyamba.

Chifukwa chake chili m'kuwerenga. Mukasiya ♦K, n'kupambana ♦ yachiwiri ndi A, n'kutenga ♣ zinayi, ma trick 6 apita ndipo aliyense watsala ndi makhadi 7. Wotchinga amene akusunga ♠ zinayi ndi ♥ zinayi akufunika malo 8, choncho pa ♣ yomaliza ayenera kumasula mtundu umodzi. Mukapambana trick yoyamba ndi ♦A, ♣ zikamatha pamakhala papita ma trick 5 okha, iye watsala ndi makhadi 8, ndipo asunga zonse bwinobwino. Kupereka ♦ pambuyo pake sikungathekenso, chifukwa otchinga atenga ♦ zambiri.

Pa ♣ yachinayi dummy ataye ♥4, osati ♦8. Kutaya ♥ yaing'onoyo sikukuchotserani kanthu, popeza ♥ yachinayi ili m'dzanja lanu, pamene ♦8 ikhoza kuvutitsa wa Kumadzulo ngati ndiye yekha akutchinga ♦ komanso ali ndi ♠ zinayi. Kenako tengani ♥K, ♥A ndi ♥Q, mukuwerenga ♥ 6 za otchinga pamodzi ndi zimene ataya. Ngati zonse zatuluka, ♥5 ndi trick yanu ya 12. Ngati ayi, pa ♥Q dummy ataye ♦8 ngati siinakhale yopambana, ndipo mutenge ♠K, ♠A, ♠Q n'kuona ngati ♠7 yayera.

Chenjezo: kusiya trick yoyamba n'koyenera pa dzanja ili koma n'kolakwika pa dzanja la Gawo 7. Kusiyana kwake ndi kwakuti pofinya mumafuna kuti trick yoluza ichoke msanga, pamene pa endplay mumaisunga mpaka kumapeto. Sankhani kaye njira imene mukutsata, kenako mudziwe chochita ndi trick imeneyo.

## Gawo 9: Pitirizani kuwerenga, ndipo musinthe ndondomeko zinthu zikasintha

Ndondomeko ya pa trick yoyamba imamangidwa pa manambala a anthu onse, koma trick iliyonse imakuuzani za dzanja lenileni limene lili patsogolo panu. Nthawi iliyonse wotchinga akalephera kutsatira mtundu, imani n'kuwerenga kuti mnzakeyo anali ndi angati, ndipo muchotse nambala imeneyo pa 13.

Tibwerere ku dzanja lachiwiri. Tiyerekeze kuti pa trump yoyamba wa Kum'mawa walephera kutsatira, kutanthauza kuti wa Kumadzulo ali ndi ♠ zonse zinayi. Endplay ija yafa, chifukwa mukakoka kanayi dummy satsala ndi trump. Tsopano ♦Q muyenera kumupeza nokha, koma si kulota kwa theka ndi theka. Wa Kumadzulo ali ndi malo 9 a makhadi osakhala ♠, pamene wa Kum'mawa ali ndi malo 13, choncho mwayi woti Q ali Kum'mawa ndi 13 mwa 22, pafupifupi 59 peresenti. Musanachite finesse, sewerani mitundu ina mmene mungathere popanda kutaya ulamuliro wa dzanja, chifukwa mukaona kuti wa Kumadzulo alinso ndi ♥ zambiri, malo ake a ♦ amacheperachepera.

Ngati kuwerenga mitundu inayi kukukulemerani, sankhani iwiri imene ikukhudza kontrakiti ndipo muziwerenga imeneyo mosaphonya. Ndi bwinonso kuwerenga dzanja la wotchinga mmodzi yekha, amene wasonyeza mtundu wautali, popeza la mnzakeyo limadziwika lokha mukachotsera.

## Zolakwitsa zofala

Kukoka ma trump onse chifukwa choopa kudulidwa. Mantha amenewa ndi omveka, ndipo pa manja ambiri kukoka msanga n'koyenera. Koma musanatero funsani mafunso awiri: kodi ma trump a dummy ndikuwafuna podula, nanga ndikuwafuna ngati makomo? Yankho likakhala inde pa limodzi, kokani okhawo amene mungakwanitse.

Kupambana trick yoyamba ndi khadi limene lili pafupi. Pa dzanja loyamba, kuponya ♣K pa trick yoyamba kumaoneka ngati palibe kusiyana, koma kumakukakamizani kugwiritsa ntchito ma trump awiri a dummy ngati makomo, ndipo mumayamba ♦ mutakoka kamodzi kokha.

Kukonzekera kugawika kwabwino kokha. Makhadi 6 osowa amagawika 3-3 kamodzi kokha pa katatu, ndipo makhadi 4 osowa amagawika 3-1 kawirikawiri kuposa 2-2. Ndondomeko imene ikufuna 3-3 ndi yofooka kuposa finesse wamba.

Kuchita finesse imene siikufunika. Ngati ma trick 12 alipo kale popanda finesse, ndipo ikaluza otchinga akhoza kudula kapena kutenga trick yachiwiri, isiyeni.

Kudula ndi trump yaing'ono pamene zazikulu zilipo zokwanira. Werengani ma trump akuluakulu amene mukufunika pokoka, ndipo otsalawo mudulire.

Kusewera slam yaikulu ngati yaing'ono. Pa kontrakiti ya 7 palibe trick yopereka, choncho endplay ndi kusiya trick dala sizigwira ntchito. Zimene zimatsala ndi kutsatanitsa mwayi popanda kuluza, monga kutenga A ndi K wa mtundu umodzi kuti muone ngati Q agwa musanachite finesse mu mtundu wina, ndiponso kufinya, kumene pa opambana 12 kumakhala kokonzeka kale.

Kutaya mtima ma trump akagawika moipa. Wotchinga akalephera kutsatira pa trump yoyamba, anthu ambiri amayamba kuponya makhadi mofulumira ngati dzanja latha. Imani pomwepo monga munachitira pa trick yoyamba, werenganinso opambana, oluza ndi makomo amene atsala, ndipo mufunse kuti makhadi a otchinga ayenera kukhala motani kuti kontrakiti itheke. Mukapeza kakhalidwe kamodzi kokha kotero, sewerani ngati makhadi alidi choncho.